Chitsulo, aluminiyamu kapena kaboni? Musanataye ndalama pa njinga yothamanga

Aliyense amene amakwera minibasi m'mawa kuchokera ku Chelstone, Avondale kapena Kaunda Square amaudziwa mzere wa magalimoto wa pa Great East Road. Basi yaima, ba kondakitala akuwerenga chenji, wina akuyang'ana nthawi pafoni chifukwa abwana kuntchito samva za jamu. Ndiye pawindo pamadutsa munthu atawerama pa njinga ya matayala owonda ngati chala, myaa, osacheuka. Inu mukamafika pa Arcades, iye wadutsa kale Northmead. Apa m'basi simulephera kumveka mawu akuti, "Awe shuwa, naine nizagula yanga."

Ambiri onena zimenezi njinga ali nayo kale kunyumba. Wina ali ndi Eagle yakale, ija inkapangidwa ku Chipata. Wina ali ndi Buffalo, wina mountain bike ya salaula yolemera ngati thumba la unga. Chimene akufuna manje ndi njinga yopepuka yothamanga pa tala, imene ogulitsa amaitchula kuti road bike kapena kuti racer.

Vuto ndi lakuti njinga yotere imadya ndalama ya miyezi ingapo, ndipo kulakwitsa pogula n'kosavuta. M'makomboni muno muli njinga zokongola zimene zapachikidwa kukhoma chaka chonse chifukwa kachitsulo kamodzi kanathyoka ndipo sikapezeka mu town monse. Safunsa anadya phula. Tiyeni tione zimene muyenera kudziwa musanatulutse ndalama.

Yambani ndi msewu wanu

Musanayang'ane njinga, yang'anani njira imene mudzayenda tsiku lililonse. Kodi ndi tala kuchokera pageti mpaka kuntchito, kapena pali kilomita imodzi ya miyala ndi fumbi musanafike pamsewu waukulu? Kodi mumanyamula chikwama, zida zantchito kapena mwana wasukulu? Nanga njingayo idzagona kuti, ndipo masana idzaima pati?

Mayankho a mafunso amenewa ndiwo amasankha njinga. Wokhala ku Kabulonga amene akufuna kumathamanga pa Leopards Hill Road Loweruka m'mawa sangagule njinga yofanana ndi ya munthu wa ku Kanyama amene amadutsa m'madzi kuyambira Disembala mpaka Malichi. Njinga za mpikisano zimene timaona pa TV zimapangidwira misewu yosalala, ndipo kumbuyo kwa wokwera kumakhala galimoto yonyamula makanika ndi mawilo ena. Inu kumbuyo kwanu kudzakhala minibasi yoliza hutala.

Fulemu ya chitsulo

Fulemu ndiyo mafupa a njinga. Matayala, tcheni ndi magiya mungasinthe, koma fulemu ikakhala yolakwika ndiye kuti mwagula njinga yolakwika.

Chitsulo chili mitundu iwiri. Pali chitsulo wamba, chimene pa fulemu amalemba kuti Hi-Ten. N'chotchipa, n'cholimba, koma n'cholemera. Ndiye pali chromoly, chitsulo chosakaniza ndi chromium ndi molybdenum, chimene nthawi zambiri amachilemba kuti Cr-Mo kapena 4130. Popeza n'champhamvu kwambiri, mapaipi ake amawapanga opyapyala, motero njinga yathunthu imalemera makilogalamu 10 kapena 11. Yerekezani ndi Buffalo, imene imapitirira makilogalamu 20 chifukwa inapangidwira kunyamula katundu wofika makilogalamu 100 pakaliyala.

Ubwino wa chitsulo ndi wakuti chimachenjeza. Chisanathyoke chimayamba chapindika kapena kuonetsa mng'alu umene umakula pang'onopang'ono. Chikang'aluka chimawotchereka. Komabe chenjerani: mapaipi a chromoly ndi opyapyala kuposa zitsulo za mageti zimene amisiri amawotcherera m'mbali mwa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga. Moto wa geti ungaboole paipi ya njinga. Funani mmisiri wa gasi amene anagwirapo kale mafulemu a njinga. Mdani wa chitsulo ndi dzimbiri, makamaka mkati mwa mapaipi momwe madzi a mvula amalowa n'kukhala.

Fulemu ya aluminiyamu

Njinga zambiri zothamanga za mtengo wapakati ndi za aluminiyamu. Pa fulemu mudzaona manambala 6061 kapena 7005, omwe ndi mitundu ya kasakanizidwe kake. Aluminiyamu imalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo cha kukula komweko, koma ndi yofewerapo, n'chifukwa chake mapaipi ake amakhala onenepa. Njinga yathunthu imakhala pa makilogalamu 9 kapena 10. Sichita dzimbiri lofiira lija, ndipo mtengo wake ndi wofikirika kuposa kaboni.

Koma aluminiyamu imatopa. Ikagwedezeka zaka zambiri m'maenje, timing'alu timayamba pafupi ndi pamene anawotcherera. Ndipo ikang'aluka, nkhani yavuta. Makina owotcherera zitsulo wamba sagwira aluminiyamu, ndipo ngakhale mutapeza wodziwa kuiwotcherera, fulemu ya 6061 imafunika kuiikanso mu uvuni wapadera kuti mphamvu yake ibwerere. Kwa ambiri a ife, fulemu ya aluminiyamu yong'aluka ndi ya ogula zitsulo zakale basi.

Fulemu ya kaboni

Kaboni si chitsulo. Ndi ulusi wopyapyala kwambiri wosanjikizidwa ngati nsalu n'kumatidwa ndi guluu wolimba. Njinga zake zimalemera makilogalamu 7 kapena 8, ndipo zina zimapepuka kuposa pamenepo, moti bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse la UCI linaika lamulo mu 2000 lakuti njinga ya mpikisano isachepere makilogalamu 6.8.

Kaboni ndi yolimba kwambiri ku mphamvu imene inapangidwira, monga kupalasa ndi kulemera kwa wokwera. Chimene simagwirizana nacho ndi kumenyedwa kapena kufinyidwa pambali. Njinga ikagwera pamwala wakuthwa, ikapanikizidwa ndi katundu m'buti ya basi, kapena wina akamanga bawuti mopitirira muyeso, ulusi umaduka mkati pamene penti kunja ikuwala bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mabawuti ambiri a pa kaboni amalembedwa muyeso wake, monga 5 Nm, ndipo amafuna sipanala yoyeza mphamvu, imene simungaipeze kwa wokonza njinga wa pansi pa mtengo.

Apa m'pamene anthu amapsa ndi njinga za salaula. Wogulitsa amakunyamulitsani ndi chala chimodzi: "Onani bwana, ni kaboni iyi, ilibe na kulema." Zoona ndi yopepuka. Koma mbiri yake ndani akuidziwa? Kumene inachokera mwina mwiniwake anaisiya atagwa nayo. Palinso mafulemu abodza omatidwa mayina a makampani otchuka monga Trek, Giant kapena Specialized. Ngati mtengo wa njinga ya kaboni watsika modabwitsa, dabwani.

Titaniyamu ndi nsungwi

Titaniyamu ndi yopepuka kuposa chitsulo, sichita dzimbiri ndipo imakhala zaka zambirimbiri, koma mtengo wake ndi wa anthu ochepa. Nsungwi nayo imapanga fulemu. Kampani ya Zambikes, imene inayamba muno mu Lusaka mu 2007, inatchuka ndi mafulemu a nsungwi amene ankagulitsidwa mpaka kunja kwa dziko. Nsungwi imameza kugwedezeka kwa msewu bwino. Choyenera kuyang'anitsitsa pa fulemu yotere ndi mfundo zake, pamene nsungwi zinalumikizidwa ndi ulusi ndi guluu.

Saizi iposa zonse

Fulemu ya chitsulo yokukwanani iposa ya kaboni yokukulirani. Njinga zothamanga zimayezedwa m'masentimita, monga 50, 52, 54, 56 ndi 58, kapena ndi zilembo S, M ndi L. Munthu wotalika pafupifupi masentimita 172 nthawi zambiri amakwana pa 54, koma makampani amasiyana kayezedwe, choncho kwerani muone.

Imani njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse pansi. Pakhale mpata wa zala ziwiri pakati pa inu ndi paipi yapamwamba. Mukakhala pachishalo pedulo ili pansi penipeni, bondo lipindike pang'ono chabe. Mukagwira handulo, zigongono zisawongoke ngati mukukankha wilibala. Wogulitsa akakuuzani kuti "muzajaila chabe," dziwani kuti chimene chidzazolowere ndi kupweteka kwa msana, khosi ndi mawondo.

Magiya: ambiri si ndiye abwino

Magiya, tcheni ndi mabuleki zimabwera m'banja limodzi limene amalitchula kuti groupset. Makampani akuluakulu ndi atatu: Shimano ya ku Japan, SRAM ya ku America ndi Campagnolo ya ku Italy. Kuno kwathu zida za Shimano ndizo zimapezeka msanga, ndipo amakanika ambiri anazizolowera.

Shimano ili ndi makwerero. Pansi pali Claris ya magiya 8 kumbuyo, kenako Sora ya 9, Tiagra ya 10, ndiye 105 ya 11 kapena 12. Pamwamba pali Ultegra ndi Dura-Ace za ampikisano. Mukamakwera makwerero amenewa, zida zimapepuka ndipo magiya amalowa mofewa. Koma tcheni nayo imawonda, chifukwa magiya ambiri akuthithikana pamalo omwewo, ndipo mtengo wake umakwera. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala likasakanikirana ndi mafuta a patcheni limasanduka ngati sandipepa, ndipo silisankha kuti iyi ndi tcheni yodula. Tcheni ya magiya 8 imagwiranso pa njinga za magiya 6 ndi 7, motero m'mashopu a njinga siivuta kupeza. Ya magiya 12 mwina mudzadikira wachibale wochokera ku Johannesburg.

Zida za mabanja osiyana nthawi zambiri sizigwirizana. Chosinthira magiya cha Shimano sichiyendetsa bwino derailleur ya SRAM, ndipo cha magiya 9 sichigwira pa magiya 10. Pa njinga zothamanga chosinthira magiya chili pamodzi ndi chogwirira buleki, ndipo ndi chimodzi mwa zida zodula kwambiri pa njinga yonse. Pogula yakale, yesani giya iliyonse, kukwera ndi kutsika. Ikadumpha imodzi, funsani chifukwa chake.

Palinso magiya amagetsi, monga Di2 ya Shimano, oyendera batire. Ndi okoma, koma amene amakumbukira mmene tinkasakira potchajira foni mu 2024 aganize kawiri.

Yang'ananinso mano. Kutsogolo, njinga za ampikisano zimakhala ndi mano 53 ndi 39. Kwa munthu wopita kuntchito ndi chikwama kumsana, 50 ndi 34 ndi yabwino. Kumbuyo funani 11 mpaka 32 kapena 34. Lusaka ndi wathyathyathya, inde, koma tsiku lina mudzafuna kukafika ku Chongwe kapena kudutsa Kafue mpaka mapiri a Munali, ndipo giya yofewa ija mudzaithokoza.

Mabuleki

Mabuleki ogwira pa rimu ndi opepuka, osavuta kukonza, ndipo malabala ake ndi otchipa. Kufooka kwake kumaoneka mvula ikagwa: mumafinya, njinga imapitirira kaye pang'ono isanagwire. Mchenga wa m'matope umadyanso rimu mpaka kuipyapyalitsa.

Mabuleki a disc amagwira mofanana kaya kunja kwauma kaya kwanyowa. Alipo oyendera waya ndi oyendera mafuta. A mafuta ndi amphamvu kwambiri, koma mpweya ukalowa amafuna zida zapadera ndi mafuta ake enieni. Shimano imagwiritsa ntchito mineral oil, pamene mabuleki ambiri a SRAM amafuna DOT, ya mtundu wa m'magalimoto. Mukasokoneza, malabala a mkati amawonongeka. Kwa munthu woyenda nyengo zonse amene alibe makanika wodziwa za mafuta pafupi, disc ya waya ndiyo yapakati. Kumbukiraninso kuti fulemu yopangidwira mabuleki a rimu siilandira disc. Zimenezi muzisankhiretu pogula.

Matayala ndi mawilo: apa m'pamene pali nkhani

Ngati pali chinthu chimodzi chimene chimasintha ulendo wanu m'misewu yathu, ndi kukula kwa tayala. Njinga zakale zothamanga zinkabwera ndi matayala a mamilimita 23. Tayala lotere limafuna mpweya wambiri, limamva kamwala kalikonse, ndipo likagunda m'mphepete mwa dzenje chubu imapanika pa rimu n'kubooka mabowo awiri ngati yalumidwa ndi njoka. Tayala la mamilimita 28 mpaka 32 limayenda ndi mpweya wocheperapo, limameza mabampu, ndipo pa tala wokhakhala silichedwa kuposa lowonda. Masiku ano ngakhale ampikisano ambiri anasamukira ku matayala a 28 kapena kuposa.

Koma si fulemu iliyonse imene imalandira tayala lonenepa. Zambiri zakale za mabuleki a rimu zimathera pa 25 kapena 28. Yang'anani mpata pakati pa tayala ndi foloko, ndiponso kumbuyo pakati pa tayala ndi fulemu. Ngati tayala likungotsala pang'ono kukhudza, matope a Januwale adzatseka wilo. Amene amadutsa msewu wafumbi tsiku lililonse aganizire njinga za mtundu wa gravel: handulo yopindika yomweyo, koma matayala ofika mamilimita 38 kapena 40.

Chenjerani pogula tayala. Mawilo a njinga zothamanga amatchedwa 700c, ndipo ena amawatchula kuti 28. Njinga zathu zakale zakuda zija nazonso tayala lake ndi 28, koma si zofanana. Werengani nambala pambali pa tayala: la 700c lalembedwa 622, la njinga yakale lalembedwa 635. Limodzi silikwana pa rimu ya linzake. Vavu nayo ndi yosiyana. Machubu ambiri a 700c ali ndi vavu yowonda yotchedwa Presta, imene pampu ya pa filling station siigwira popanda kachida kolumikizira. Kachidako n'kakang'ono ngati nsonga ya chala. Gulani, kazikhala m'chikwama.

Werenganinso masipoko. Mawilo a masipoko 16 kapena 20 amaoneka bwino, koma imodzi ikaduka wilo limapindika kwambiri moti silizungulira, ndipo masipoko ake nthawi zina ndi apadera. Wilo la masipoko 32 limakufikitsani kunyumba ngakhale imodzi itaduka, ndipo wokonza njinga wa pamsika amaliwongola inu mukudikira.

Pomaliza pa fulemu, funani timabowo ta mabawuti pafupi ndi ma axle. Ndi pomangira kaliyala ndi madigadi. Njinga zambiri za mpikisano zilibe. Popanda madigadi mudzafika kuofesi ndi mzere wa matope kumsana.

Pogula yakale

Pitani masana, ndipo pitani ndi munthu wodziwa njinga. Pukutani fulemu, muyang'ane mozungulira paliponse pamene mapaipi akumana, makamaka kuseri kwa foloko ndi pansi pamene pamazungulira mapedulo. Penti yotupa kapena yamakwinya kuseri kwa khosi la njinga imasonyeza kuti inagundapo kutsogolo. Pa kaboni, gogodani pang'onopang'ono ndi kakobiri: pamalo abwino pamalira mowuma, pamalo owonongeka pamalira mogonthera. Mayeso amenewa sagwira vuto lililonse, koma akagwira, siyani.

Masulani chishalo muone ngati paipi yake ikuyenda, chifukwa ya aluminiyamu imamatirira mu fulemu ya chitsulo ikakhalitsa. Zungulitsani mawilo muone ngati akupita uku ndi uku. Gwirani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga: mukamva kugogoda, mabeyaling'i a pakhosi atha. Yang'anani kachitsulo kamene kamagwira derailleur kumbuyo. Kanapangidwa kuti kazipindika kapena kuthyoka njinga ikagwa, kupulumutsa fulemu, koma mtundu uliwonse wa njinga uli ndi kake. Funsani ngati kena kamapezeka.

Ndiye tembenuzani njinga. Pansi pa fulemu pali nambala yake. Ngati yapalidwa, chokani pamenepo. Njinga zakuba zimagulitsidwa, pa Facebook ndi m'misika momwe, ndipo wopezeka nayo ndiye amakayankha kupolisi. Lemberanani kalata yogulitsana yokhala ndi nambala ya fulemu, dzina ndi nambala ya NRC ya wogulitsa, ndi mboni.

Masamu ake

Tengani ndalama imene mumalipira basi patsiku, muchulukitse ndi masiku antchito. Tiyerekeze kuti ndi K40 kupita ndi kubwera. Masiku 22 ndi K880 pamwezi, ndipo pachaka ndi K10,560. Chotsanipo masiku a mvula yamphamvu amene mudzabwerera kwa ba kondakitala, muchotsenso za matayala, machubu, tcheni ndi malabala a buleki. Chotsalacho chikuuzani kuti njinga ya mtengo wakutiwakuti idzabweza ndalama yake pakapita miyezi ingati.

Musathere ndalama yonse pa njinga. Siyani ya helemeti, nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, chovala chowala usiku, pampu, machubu awiri ndi loko yolimba. Njinga yothamanga imakufikitsani pa liwiro limene oyendetsa magalimoto sayembekezera kwa wanjinga, ndipo inu okwera minibasi mukudziwa bwino mmene basi imakhotera kumanzere mwadzidzidzi ikaona munthu wakweza dzanja. Yendani kumanzere, koma musadzipanikize pakati pa basi ndi ngalande.

Nanga tigule iti?

Kwa munthu wopita kuntchito tsiku lililonse mu Lusaka, yankho silili patali. Fulemu ya aluminiyamu yopanda mng'alu kapena ya chromoly yopanda dzimbiri, ya saizi yanu, yolandira matayala a 28 mpaka 32, yokhala ndi pomangira madigadi. Magiya a Claris, Sora kapena Tiagra. Mawilo a masipoko 32. Kaboni isiyireni amene akuchita mpikisano, kapena amene akugula yatsopano m'shopu yopereka lisiti ndi chitsimikizo. Kusiyana kwa makilogalamu awiri mumakumva ponyamula njinga pamasitepe, koma pa msewu wathyathyathya wokhala ndi maroboti n'kochepa kwambiri.

Ngati ndalama sinakwane, musathamangire yotchipa yokayikitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Padakali pano ikani matayala osalala pa mountain bike muli nayoyo, mudzadabwa mmene idzapepukira pa tala.

Ndipo musanapite kwa wogulitsa aliyense, dutsani kaye kwa mudala amene amakonza njinga pafupi ndi kwanu. Muuzeni dzina la magiya, saizi ya tayala ndi mtundu wa mabuleki a njinga imene mwaiona, mumufunse ngati angaikonze ndiponso kumene zida zake zimagulidwa. Akayankha mosazengereza, kaguleni. Akayamba kukanda mutu, pitirizani kusaka.